Chipatala chikathima popanda bomba, mlandu ngwayani?

Kuthima kwa magetsi palibe amene amakuyamikira, koma m'chaka cha 2017 kunapulumutsa kampani yaikulu kwambiri pa ntchito yonyamula makontena panyanja. Pa 27 June chaka chimenecho, makompyuta a kampani ya Maersk, yomwe likulu lake lili ku Copenhagen m'dziko la Denmark, anayamba kuzima motsatizana ngati nyale zotha mafuta. Dzuwa lisanalowe, maofesi ake m'mayiko oposa 100 anali atagwira njakata. Pa madoko 17 mwa 76 omwe kampaniyi inkayendetsa, zipata zinakana kutseguka, malole n'kungondandana m'misewu, madalaivala osadziwa kuti kontena yomwe abwerera ili pati.

Akatswiri omwe anasonkhana m'tauni ya Maidenhead ku England kuti akonze zinthu anakumana ndi vuto lalikulu zedi. Makompyuta pafupifupi 150 omwe ankasunga mayina a antchito onse ndi makiyi olowera mu netiweki ya kampaniyi anali atafufutika nthawi imodzi. Popanda imodzi mwa iwo panalibe poyambira. Ataimba mafoni uku ndi uku anamva kuti yatsala imodzi, mu ofesi ya ku Ghana. Kumeneko magetsi anali atathima tsokalo lisanafike, choncho kompyutayo inali itachoka pa netiweki. Wantchito wina anazula mbali yosunga deta ya kompyutayo n'kukwera nayo ndege mpaka ku Nigeria, komwe anakaipereka kwa mnzake amene akanatha kulowa nayo ku Britain.

Maersk sinali pa nkhondo ndi aliyense, Ghana nayenso ayi. Pulogalamu yowonongayo, yomwe inatchuka ndi dzina loti NotPetya, anaikonzera dziko la Ukraine, lomwe pa nthawiyo linali litatha zaka zitatu likumenyana ndi magulu othandizidwa ndi Russia kum'mawa kwake. Oikonza anaibisa mu M.E.Doc, pulogalamu yowerengera misonkho yomwe makampani ambiri ochita malonda ku Ukraine ankagwiritsa ntchito. Inagwetsa mabanki, mabwalo a ndege, zipatala ndi maofesi a boma. Ngakhale ku Chernobyl, oyang'anira malowo anayamba kuyeza poizoni wa nyukiliya ndi zipangizo zam'manja chifukwa makompyuta anali atafa.

Koma moto umapita kumene kwatsala tchire. Kompyuta imodzi ya Maersk mu ofesi ya ku Odesa inali ndi M.E.Doc, ndipo imeneyo inakwana kuyatsa kampani yonse. Merck, kampani ya ku America yopanga mankhwala, inataya madola pafupifupi 870 miliyoni. TNT Express, nthambi ya FedEx, inataya pafupifupi 400 miliyoni, Maersk pafupifupi 300 miliyoni. Fakitale ya chokoleti ya Cadbury ku Tasmania, kumapeto kwenikweni kwa Australia, inaima. Boma la America linawerengera kuti zowonongeka zonse zinafika madola 10 biliyoni, ndipo mu February 2018 mayiko a America ndi Britain ananena poyera kuti anachita zimenezi ndi asilikali a Russia. Russia inakana.

Ukanakhala mzinga womwe waphulika mosasankha chonchi, n'kugwetsa chipatala, banki ndi fakitale ya dziko lomwe silili pa nkhondo, palibe loya akanavutika kuupatsa dzina mlanduwo. Koma poti panalibe utsi, magazi kapena mulu wa njerwa, akatswiri a malamulo akukanganabe ngati chomwe chinachitikacho chinali “kuukira” n'komwe. Mkanganowu ukumveka ngati wa m'kalasi, koma ndi umene ukugamula ngati wodwala amene wagona pa bedi la opaleshoni ali ndi lamulo lomuteteza makina akazimitsidwa ndi munthu wokhala kutsidya kwa nyanja. Muyeso woyenera ndi zomwe zamugwera munthu wamba, kaya chidacho chinalira kapena ayi. Ndipo mayiko ang'onoang'ono, omwe alibe mphamvu yobwezera, ndi amene ayenera kukakamira mfundoyi kuposa onse.

Zomwe zida zimenezi zimachita kwa anthu wamba zinaoneka kale. Pa 23 December 2015, m'nyengo yozizira koopsa, ogwira ntchito pa kampani yogawa magetsi m'chigawo cha Ivano-Frankivsk kumadzulo kwa Ukraine anaona kamuvi ka pa kompyuta kakuyenda kokha, kakuzimitsa masiteshoni a magetsi imodziimodzi iwo akuyang'ana. Makampani atatu anakhudzidwa, ndipo makasitomala pafupifupi 225,000 anakhala mumdima kwa maola angapo. Othyola makompyutawo anadzazanso manambala a foni a kampanizo ndi mafoni abodza, kuti anthu othimitsidwa magetsi alephere kudandaula. Magetsi anayaka chifukwa amisiri anayenda pa galimoto kupita ku siteshoni iliyonse kukayatsa ndi manja.

Pa 24 February 2022, patatsala pafupifupi ola limodzi kuti akasinja a Russia alowe mu Ukraine, netiweki ya setilaiti ya KA-SAT ya kampani ya Viasat, yomwe asilikali a Ukraine ankagwiritsa ntchito, inasokonezedwa. Zipangizo zolandirira intaneti masauzande ambiri zinafa m'mayiko angapo a ku Ulaya, ndipo ku Germany kampani ya Enercon inalephera kulumikizana ndi makina ake 5,800 opanga magetsi ndi mphepo. Mu December 2023 inakhala nthawi ya Kyivstar, kampani ya mafoni yomwe inali ndi makasitomala pafupifupi 24 miliyoni. Mafoni anafa kwa masiku, makina ena otapira ndalama analeka kugwira ntchito, ndipo m'madera ena mabelu ochenjeza anthu kuti mizinga ikubwera anakhala chete. Pamenepo kusowa netiweki kunali kusowa chenjezo lothawira kumalo obisala.

Ngakhale kunja kwa nkhondo, zitsanzo zilipo zoonetsa zomwe zimachitikira odwala. Pa 12 May 2017, pulogalamu ya WannaCry inafalikira m'mayiko pafupifupi 150 n'kulowa m'zipatala za boma ku England. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mabungwe oyendetsa zipatalazo linakhudzidwa, maambulansi anabwezedwa pa zipata, ndipo odwala pafupifupi 19,000 analephera kuonana ndi madokotala kapena kuchitidwa opaleshoni pa tsiku lomwe anapatsidwa. Mayiko a America ndi Britain analoza chala North Korea. Chochititsa manyazi n'chakuti WannaCry ndi NotPetya zonse zinayenda pa chida chimodzi chotchedwa EternalBlue, chomwe chinapangidwa ndi bungwe la ukazitape la America la NSA, kenako n'kubedwa n'kumwazidwa pa intaneti. Mzinga ukaphulika watha. Pulogalamu ikatuluka, aliyense atha kuikopera n'kuilozetsa kwina.

Chomwe chimaika anthu wamba pangozi yaikulu chonchi ndi mamangidwe a intaneti yeniyeniyo. Kampu ya asilikali imakhala ndi mpanda wake, chipatala ndi wake. Pa intaneti mipanda yotere ndi yochepa. Uthenga wa mkulu wa asilikali ndi wa namwino umadutsa m'chingwe chimodzi cha pansi pa nyanja, pa nsanja imodzi ya foni, ndipo nthawi zambiri umasungidwa m'nyumba imodzi ya makompyuta ya kampani yomweyo. GPS, yomwe imatsogolera ndege zonyamula anthu ndi madalaivala a taxi, ndi ya asilikali a America. Akale anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, chifukwa amene akufuna kumupha amaopa kuswa mkhate. Mu nkhondo ya pa intaneti khoswe amakhala pamkhate tsiku lililonse, ndipo funso ndi lakuti ndani angakakamize womenyayo kuti aziuopabe mkhatewo.

Malamulo ochita zimenezo alipo, ndipo ndi akale. Anayamba ndi Henry Dunant, wamalonda wa ku Geneva amene mu 1859 anaona asilikali ovulala masauzande atasiyidwa pa bwalo la nkhondo ku Solferino ku Italy. Kudandaula kwake kunabala bungwe la Red Cross mu 1863 ndi pangano loyamba la ku Geneva mu 1864. Mapangano anayi a ku Geneva omwe akugwira ntchito lero ndi a 1949, ndipo mayiko 196 anawavomereza, kuphatikizapo Malawi. Mu 1977 anawonjezera pangano lina lomwe linalongosola bwino chitetezo cha anthu wamba. Ndime 48 imalamula omenyana kusiyanitsa asilikali ndi anthu wamba nthawi zonse. Ndime 51 imaletsa kuukira kosasankha, komanso kuukira komwe kungavulaze anthu wamba mopyola muyeso poyerekeza ndi phindu la nkhondo lomwe likuyembekezeka. Ndime 57 imati womenya achite chotheka kupewa kuvulaza osalakwa. Ndime 56 imateteza madamu ndi malo opangira magetsi a nyukiliya, ndipo ndime 36 imati dziko lililonse liziunika chida chatsopano ngati chikugwirizana ndi lamulo lisanachigwiritse ntchito.

Omwe analemba zimenezi sankadziwa za intaneti, koma zimenezo sizichotsa mphamvu ya lamulo. Mu 1996, khoti la United Nations lomwe lili ku The Hague, popereka maganizo ake pa za zida za nyukiliya, linati mfundo za malamulo a nkhondo zimagwira pa mitundu yonse ya nkhondo ndi zida zonse, zakale, zamakono ndi zam'tsogolo. Komabe mayiko anatenga nthawi kuti avomerezane kuti intaneti ili m'gulu lomwelo. Mu 2017, zokambirana za akatswiri a maboma ku United Nations zinatha popanda mgwirizano. Dziko la Cuba linanena poyera kuti kuvomereza malamulo a nkhondo pa intaneti n'kuvomereza kuti intaneti ikhale bwalo la nkhondo, ndipo Russia ndi China anali ndi maganizo ofanana. Mu 2021 gulu lina la akatswiri otere linagwirizana pomaliza kutchula malamulowa, n'kuwonjezera kuti kuwakumbukira sikuloleza kapena kulimbikitsa nkhondo.

Mantha a Cuba aja ndi omveka, koma alibe maziko olimba. Lamulo loletsa dziko kuyamba nkhondo lili pa lokha, mu pangano lokhazikitsa United Nations la 1945. Mapangano a ku Geneva amayamba kugwira ntchito pamene lamulo loyambalo laphwanyidwa kale ndipo anthu akufa. Kukana kuti amagwira pa intaneti sikungaletse asilikali kugwiritsa ntchito makompyuta. Kungangowamasula manja.

Vuto lenileni lili pa mawu awiri. Loyamba ndi “kuukira”. Ndime 49 ya pangano la 1977 imati kuukira ndi kuchitira mdani zachiwawa, ndipo malamulo ambiri oteteza anthu wamba amadzuka pokhapokha pakachitika kuukira. Pulogalamu ikaphulitsa jenereta kapena kugwetsa ndege, onse amavomereza kuti kumeneko n'kuukira. Koma ikangozimitsa makina a banki kwa mwezi, osaswa waya ngakhale umodzi? Akatswiri omwe analemba buku la Tallinn Manual, lomwe linatuluka mu 2013 n'kukonzedwanso mu 2017 motsogozedwa ndi Pulofesa Michael Schmitt, sanamvane kwathunthu. Ambiri anati kumakhala kuukira ngati pakufunika kusintha zipangizo kuti makinawo ayambenso kugwira ntchito. Dziko la France, m'chikalata chake cha 2019, linapita patsogolo n'kunena kuti makina akaleka kuchita ntchito yomwe anaikidwira, kumeneko n'kuukira ndithu. Israel, kudzera mwa wachiwiri kwa loya wamkulu wa boma Roy Schöndorf mu 2020, inati kungolepheretsa makina kugwira ntchito pakokha si kuukira.

Mawu achiwiri ndi “chinthu”. Lamulo limaletsa kuukira zinthu za anthu wamba, ndipo ambiri mwa akatswiri a Tallinn Manual anati deta si chinthu chifukwa siioneka kapena kugwirika. Ganizoli likatsatidwa mpaka kumapeto limafika pa zodabwitsa. Msilikali akalowa mu ofesi yolembera anthu n'kuotcha mafailo a pepala, waphwanya lamulo. Akakhala kwawo n'kufufuta mafailo omwewo pa kompyuta, mayina a olandira penshoni, zikalata za malo, mbiri ya ndalama zomwe anthu anasunga ku banki, ndiye kuti sanakhudze “chinthu”. Gogo amene wasowa penshoni yake sangaone kusiyana kwa ziwirizi. Bungwe la Red Cross la ku Geneva lakhala likunena kuti kusamutsa zolemba kuchoka pa pepala kupita pa kompyuta kusachepetse chitetezo chomwe zolembazo zinali nacho, ndipo pamenepa likunena zoona.

Mawu a pangano la 1977 eni akewo akuthandiza mbali imeneyi. Ndime 54, yoteteza zinthu zomwe anthu sangakhale ndi moyo popanda izo, monga chakudya, mbewu, ziweto, madzi akumwa ndi ulimi wamthirira, siletsa kuukira ndi kuwononga kokha. Imaletsanso kuchotsa zinthuzo kapena kuzisandutsa zopanda ntchito. Pampu ya madzi yomwe yakanidwa kuyaka ndi pulogalamu yasanduka yopanda ntchito chimodzimodzi ndi yomwe yaphulitsidwa. Zipatala nazo lamulo limati zizilemekezedwa ndi kutetezedwa nthawi zonse, mawu omwe ndi otambalala kuposa kungoletsa kuziponyera bomba. Ngati olemba a 1977 anaona kale kuti chinthu chimatha kufa chili chiimire, palibe chifukwa chomveka choti mayiko lero aziumirira kuona phulusa kaye.

Palinso mfundo ina imene asilikali amakonda kubweretsa, ndipo siyoipeputsa. Amati kuzimitsa siteshoni ya magetsi ndi kompyuta kwa maola awiri n'kwachifundo kuposa kuigwetsa ndi mzinga, chifukwa nkhondo ikatha imayakanso ndipo mlonda wa pa geti samwalira. Zimenezi n'zoona, ndipo lamulo sililetsa kulimbana ndi makina a asilikali a mdani. Limangoti womenya aloze bwino ndi kuwerengera amene avutike. Kuti kuloza bwino n'kotheka, umboni ndi Stuxnet, pulogalamu yomwe inatulukira mu 2010 itawononga makina pafupifupi 1,000 oyengera uranium ku Natanz m'dziko la Iran, ndipo anthu ambiri amati inapangidwa ndi America ndi Israel, ngakhale mayikowa sanavomerepo. Stuxnet inafalikira m'makompyuta ambiri kunja kwa Iran, koma inkayamba yafufuza ngati yafika pa makina a Siemens olumikizidwa mwanjira inayake, ndipo ikapanda kuwapeza inkangogona. Amene anakonza NotPetya akanatha kuika malire otere. Anasankha kusatero. Ndipo chaka chomwecho cha 2017, pa fakitale ina ya mafuta ku Saudi Arabia panapezeka pulogalamu ya Triton, yomwe inalimbana ndi makina omwe ntchito yawo yokha ndi kuletsa fakitale kuphulika. Pamenepo chifundo cha chida cha kompyuta chinali chitatha.

Nkhondo ya ku Ukraine yabweretsanso chinthu chomwe Dunant sakanachilota: munthu wamba womenya nkhondo ali pabalaza. Pa 26 February 2022, nduna ya Ukraine Mykhailo Fedorov inaitana aliyense wodziwa makompyuta kulowa gulu la IT Army of Ukraine, ndipo anthu masauzande ambiri m'mayiko osiyanasiyana analowa kudzera pa Telegram. Mbali ya Russia nayo inali ndi magulu ake monga Killnet, lomwe linalimbanapo ndi masamba a pa intaneti a zipatala ku America ndi ku Ulaya. Boma la Ukraine linakonzanso njira yoti nzika zizitumiza pa foni zithunzi ndi malo omwe zaona asilikali a adani. Achinyamata ambiri amene amachita zimenezi sadziwa kuti ndime 51 yomweyo imati munthu wamba amataya chitetezo chake pa nthawi yomwe akutenga nawo mbali mwachindunji pa kumenyana. Kuti kubwezera kutha kubwera ndi bomba lenileni zinaoneka mu May 2019, pamene ndege za Israel zinaphulitsa nyumba ina ku Gaza yomwe inati munali akatswiri a makompyuta a Hamas.

Mu October 2023, alangizi awiri a Red Cross, Tilman Rodenhäuser ndi Mauro Vignati, anatulutsa malamulo asanu ndi atatu a anthu wamba othyola makompyuta pa nthawi ya nkhondo. Mwa ena, amati asalimbane ndi zipatala kapena mabungwe othandiza anthu, asagwiritse ntchito mapulogalamu ofalikira okha mosasankha, asaopseze anthu wamba, ndipo atsatire malamulowa ngakhale mdani akuwaphwanya. Ena anaseka kuti bungwe lolemekezeka chonchi likulembera kalata anyamata obisala m'mayina abodza. Koma bungweli linalankhula ndi zigawenga za m'tchire kwa zaka zambiri pa chifukwa chomwechi: amene ali ndi chida ndiye ayenera kumva lamulo. Udindo waukulu uli ndi maboma omwe amalimbikitsa anthuwa kapena kuwatsinzinira.

Red Cross ikulankhula ngati wolumidwa. Mu January 2022 inalengeza kuti makompyuta ake anathyoledwa, ndipo zinsinsi za anthu oposa 515,000 zinafikiridwa. Anali anthu osowa, akaidi ndi mabanja olekanitsidwa ndi nkhondo ndi masoka, omwe anapereka mayina awo pofunafuna abale. Ntchito yolumikizanitsa mabanja inaima kwa kanthawi. Dziko ngati Malawi, lomwe linasunga anthu oposa miliyoni imodzi othawa nkhondo ya ku Mozambique ndipo lero likusunga ena ku Dzaleka, likudziwa tanthauzo la dzina la munthu wothawa likagwera m'manja mwa amene anamuthamangitsa. Kuchokera mu November 2022, bungweli lakhala likulimbikitsa chizindikiro cha pa kompyuta chofanana ndi mtanda wofiira wa pa denga la chipatala, choti pulogalamu kapena msilikali azitha kuzindikira kuti makina awa ndi a chipatala. Otsutsa amati chizindikirocho chingaitane mbava. Mtanda wa pa denga nawo sunatsekepo bomba, koma umachotsa chonamizira choti woponyayo sanadziwe. Mu October 2024, msonkhano wa 34 wa mayiko ndi mabungwe a Red Cross ndi Red Crescent ku Geneva unagwirizana chigamulo choyamba chokhudza kuteteza anthu wamba ku zida za pa kompyuta pa nthawi ya nkhondo.

Wina atha kufunsa kuti zonsezi zikukhudza bwanji dziko la Malawi, lomwe silinamenyepo nkhondo ndi mnansi wake. Yankho lili pa njira zomwe katundu, ndalama ndi uthenga zimadzera. Mu July 2021 makompyuta a Transnet ku South Africa anathyoledwa, ndipo kampaniyo inalengeza kuti singathe kukwaniritsa mapangano ake pa madoko a makontena, kuphatikizapo Durban, komwe katundu wina wa Malawi amatsikira. Mu May 2024 zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi SEACOM zitaduka, intaneti inafooka m'mayiko ambiri a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, Malawi ali momwemo. Mu July 2023 gulu lodzitcha Anonymous Sudan linasokoneza eCitizen, khomo la pa intaneti lomwe nzika za Kenya zimapezerapo ntchito za boma masauzande, ponena kuti Kenya ikulowerera nkhani za Sudan. Ndipo mu February 2024, mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti alandidwa ndi anthu ofuna dipo, pamene Amalawi ofuna kupita kunja kukagwira ntchito, kuphunzira kapena kulandira chithandizo cha mankhwala anali atadikira kwa masabata.

Zambiri mwa izi sizinali nkhondo, ndipo malamulo a ku Geneva sakhudza umbava wamba kapena ngozi. Koma zikuonetsa pomwe pali polowera. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022, pafupifupi mamegawati 130 anachoka ndipo dziko linakhala mu mdima wosinthanasinthana kwa miyezi yoposa 12. Madzi ambiri a mu mzinda wa Blantyre amapopedwa ndi magetsi kuchokera ku Walker's Ferry kukwera mtunda wautali. Ndalama za anthu ambiri zili pa Airtel Money ndi Mpamba. Dziko lotere silifunika kukhala mdani wa aliyense kuti livulale. Likungofunika kugwiritsa ntchito pulogalamu, setilaiti kapena doko lomwe wina akulimbana nalo.

Africa yayamba kale kulankhula. Mu January 2024, nthambi ya African Union yoona za mtendere ndi chitetezo inavomereza chikalata cha maganizo a mayiko onse a mu Africa pa momwe malamulo a dziko lonse amagwirira ntchito pa intaneti. Chikalatacho chinatsimikiza kuti malamulo a nkhondo amagwira, komanso kuti boma lolowa m'makina a dziko lina popanda chilolezo likuphwanya ufulu wodzilamulira wa dzikolo. Chotsala n'chakuti dziko lililonse linene mbali yake pa mawu awiri aja. Malamulo a pakati pa mayiko amakula ndi zomwe maboma amanena ndi kuchita, ndipo pakali pano omwe alemba kwambiri ndi omwe ali ndi zidazo. Malawi sataya kanthu polemba poyera kuti kuzimitsa makina a anthu wamba n'kuukira, ndi kuti kaundula wa nzika, mafailo a odwala ndi maakaunti a ku banki ndi zinthu zotetezedwa. Ntchito imeneyi sifuna mizinga kapena mabiliyoni. Ifuna maloya ochepa a ku unduna woona za ubale ndi mayiko ena, asilikali a Malawi Defence Force omwe amaphunzira kale malamulowa popita kukasungitsa mtendere ku DRC, ndi akatswiri a ku MACRA, atakhala pa tebulo limodzi.

Pangano la 1977 limapatsanso udindo wodziteteza. Ndime 58 imati dziko lichite chotheka kutalikitsa anthu wamba ndi zinthu zawo ku malo a asilikali. Pa intaneti izi zikutanthauza kusasakaniza makina a chitetezo ndi a zipatala pomwe n'kotheka, kusunga makope a kaundula wofunika pamalo osalumikizidwa ku netiweki, ndi kusataya luso loyendetsa zinthu ndi manja. Ukraine inayatsa magetsi msanga mu 2015 chifukwa masiteshoni ake akale anali akadali ndi zogwirira. Kabuku ka kuchipatala komwe wodwala wa ku Malawi amayenda nako m'thumba kamaoneka kachikale, koma m'zipatala za ku England mu May 2017 madokotala anabwerera ku pepala ndi cholembera, opanda mbiri ya wodwala amene ali patsogolo pawo.

Chovuta kwambiri chikadali kupeza wolakwa ndi kumuimika pa bwalo. Woukira amadzera m'makompyuta a mayiko ena, amasiya zizindikiro zabodza, ndipo boma lake limangoti silikudziwa. Mu 2023 woimira milandu wa khoti la dziko lonse la ICC, Karim Khan, ananena kuti ofesi yake izifufuza milandu ya nkhondo yochitika kudzera pa makompyuta. Makhoti ena akhala akuzungulira funsoli. Merck itapempha chipukutamisozi kwa makampani a inshuwalansi, iwo anakana ponena kuti NotPetya inali nkhondo, ndipo mapangano awo salipira zowonongeka pa nkhondo. Makhoti a ku New Jersey anagamula mokomera Merck, ponena kuti mawu a m'mapanganowo sankakhudza zotere, ndipo mbali ziwirizo zinamvana kunja kwa khoti kumayambiriro kwa 2024.

Mu October 2020, boma la America linatsegulira mlandu ku Pittsburgh asilikali asanu ndi mmodzi a gulu la 74455 la nthambi ya ukazitape ya asilikali a Russia, GRU. Linawaimba mlandu wa NotPetya komanso wothimitsa magetsi ku Ukraine mu 2015 ndi 2016, ndipo mwa ovulazidwa linatchula zipatala za Heritage Valley ku Pennsylvania, komwe madokotala anasowa mndandanda wa odwala ndi zotsatira za kulabu. Malamulo a Russia salola kupereka nzika ku makhoti a mayiko ena. Milandu yomwe inalembedwa pa chikalatacho ndi yochita upo, kuwononga makompyuta, chinyengo ndi kuba mayina a anthu, yomweyo imene amaimba mbava za ku banki. Palibe ngakhale umodzi wonena za kuphwanya malamulo a nkhondo.